Mkaka wa soya wa vanila: kodi osadya za nyama angamwe?

Mwana wa mchemwali wanga anadzakhala nafe ku Chibavi kwa masabata angapo podikira malo ogona pafupi ndi yunivesite ya Mzuni ku Luwinga. Mayi ake anali atandichenjeza kale pa foni kuti mtsikanayu anasiya nyama, nsomba, mazira, mkaka, ngakhalenso uchi. Ine ndinangoti palibe vuto, nyemba zilipo, mpiru ndi chinangwa sizisowa pa Zigwagwa. Chimene chinandiimitsa mutu ndi tiyi. Amene anagonapo ku Mzuzu nyengo yozizira, kamvula kowaza kaja kakuchita kulowa m'mafupa, akudziwa kuti kudzuka m'mawa popanda tiyi wamkaka ndi chilango. Ndiye ndinalowa m'sitolo ina m'tauni n'kugula paketi ya ufa wa mkaka wa soya, wa vanila, kutsogolo kwake atajambulapo nyemba za soya ndi kaduwa koyera. Ndinafika nayo kunyumba ndikudziona ngati malume wa nzeru.

Anailandira ndi manja awiri, kuthokoza, kenako anaitembenuza. Chala chinayenda pa timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo tija, timene ambirife sitiwerenga, n'kuima pakati.

"Amalume, pepanitu. Umu muli mkaka wa ng'ombe."

Ndinatsutsa. Mkaka wa ng'ombe ulowa bwanji mu mkaka wa soya? Anandionetsa mawu awiri: "milk solids". Paketiyo ndinamwa ndekha mpaka kutha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutembenuza paketi iliyonse ya soya imene ndaiona pa shelefu.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe talekanitsa magulu awiri amene ife timangowaphatikiza kuti "osadya nyama". Gulu loyamba ndi la ma vegetarian. Awa sadya nyama kapena nsomba, chilichonse chimene chimafuna kuti chamoyo chiphedwe, koma ambiri mwa iwo mkaka, chambiko, mazira ndi uchi amadya bwinobwino. Bungwe lawo lakale, Vegetarian Society, linayamba ku England mu 1847. Gulu lachiwiri ndi la ma vegan, amene amapitirira pamenepo: chilichonse chochokera ku nyama, kaya yaphedwa kaya ili moyo, sakhudza. Dzinali analipeka ndi Donald Watson ndi anzake mu 1944, potenga zilembo zitatu zoyambirira ndi ziwiri zomalizira za mawu akuti vegetarian. Kwa vegetarian, paketi yanga ija inalibe mlandu. Kwa vegan inali yoletsedwa. Kusiyana konse kwagona pamenepa, ndipo pafupifupi funso lililonse lokhudza mkaka wa soya wa vanila limathera pa kufunsa kuti womwayo ali gulu liti.

Tisamaganize kuti izi ndi za azungu okhaokha obwera kudzasambira ku Nkhata Bay. A Seventh-day Adventist ambiri amalimbikitsa kudya zakumunda, ndipo mmodzi wa anthu amene anatchukitsa mkaka wa soya wa m'fakitale anali dokotala wa mpingo womwewu, Harry Miller, yemwe anatsegula fakitale yake ku Shanghai mu 1936. Ma Rasta ali ndi chakudya chawo cha ital, chimene kawirikawiri sichikhala ndi nyama. Amwenye achihindu ambiri nyama sadya. Palinso ena amene mkaka wa ng'ombe umangowatsegula m'mimba kapena kuwadzaza mpweya, chifukwa thupi lawo siligaya shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, ndipo anthu otere ndi pafupifupi awiri mwa akuluakulu atatu alionse pa dziko lapansi. Enafe timakhala ma vegetarian kuyambira pa 10 mpaka malipiro atatuluka, koma imeneyo ndi nkhani ya thumba.

Soya payekha alibe chokayikitsa. Ndi mbewu ya m'gulu la nyemba imene alimi a ku Mzimba, Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe amalima chaka ndi chaka, mitundu ngati Tikolore ndi Makwacha, ndipo timaidziwa kale mu Likuni Phala ndi m'masoya pisi. Mkaka wake unayambira ku China zaka mazanamazana zapitazo, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni: kuviika soya, kumupera ndi madzi, kusefa, kuwiritsa. Basi. Ng'ombe silowapo paliponse. N'chifukwa chake ku European Union khoti linagamula mu 2017 kuti zakumwa zochokera ku mbewu zisamagulitsidwe ndi dzina lakuti mkaka, ndipo mapaketi ambiri ochokera kumeneko amangolembedwa "soya drink".

Vuto la soya ndi kafungo. Ukamuphwanya m'madzi ozizira, muli puloteni ina (enzyme) yotchedwa lipoxygenase imene imagwira mafuta a m'nyembamo n'kutulutsa fungo la nyemba zosapsa, lija limapangitsa ana kukwinya nkhope. Opanga mkaka amalimbana nalo popera soya ndi madzi otentha kwambiri, koma kotsalako amakabisa ndi shuga ndi vanila. Apa ndi pamene vanila amalowera m'nkhaniyi. Sikuti amawonjezera chakudya chilichonse m'thupi ayi. Ntchito yake ndi kunyengerera mphuno.

Vanila weniweni ndi chomera choyanga cha m'banja la maluwa a orchid. Ife a kumpoto banja limeneli timalidziwa ngakhale dzinalo silitizolowera: timizu timene amayi amapangira chinaka ndi ta ma orchid, ndipo ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa amenewa. Msuweni wawo wa vanilayu kwawo ndi ku Mexico. Duwa lake limatseguka tsiku limodzi lokha, ndipo atapita nalo kumaiko ena linkakana kubereka chifukwa tizilombo tonyamula mungu wake tinatsala kwawo. Amene anamasula mfundoyi anali mnyamata wa zaka 12, kapolo pa chilumba cha Réunion, dzina lake Edmond Albius. Mu 1841 anapeza njira yokhudzitsa mbali yaimuna ndi yaikazi ya duwalo ndi kamtengo kakang'ono ndi chala chachikulu. Mpaka lero alimi a vanila ku Madagascar, dziko limene limatsogola pa ulimiwu, ndi a ku Uganda, amayenda duwa ndi duwa m'mawa kuchita zomwezo ndi manja. Zipatso zake zimaoneka ngati zitheba zazitali, zimatenga miyezi pafupifupi 9 kuti zikhwime, kenako miyezi inanso yoziwiritsa pang'ono, kuzifunditsa ndi kuziyanika mpaka zitada bii ndi kuyamba kununkhira. Ntchito yonseyi ndi imene imachititsa kuti vanila akhale wodula chonchi. Namondwe Enawo ataomba Madagascar mu 2017, mtengo unakwera kufika pafupifupi madola 600 pa kilogalamu, kuposa siliva.

Ndiye musadzinamize kuti mu kapaketi kotchipa muli vanila wa ku Madagascar. Fungo la vanila limene timalimva mu kasitadi, m'makeke, mu yogati ndi mu mkaka wa soya, pafupifupi lonse ndi vanillin, mankhwala amene amapatsa vanila fungo lake, koma wopangidwa m'fakitale. Akatswiri awiri a ku Germany, Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann, ndi amene anayamba kumupanga mu 1874 kuchokera ku madzi a mitengo ya paini. Masiku ano wambiri amachokera ku guaiacol, mankhwala otengedwa ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo wina amachokera ku lignin wa m'mitengo, monga amachitira a kampani ya Borregaard ku Norway. Kaya ndi wa kumunda kaya wa m'fakitale, nyama mulibe. Kwa vegan onse awiri ndi ololedwa.

Pali mphekesera ina imene imazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mwana wa mchemwali wangayo anaimvanso: akuti fungo la vanila amalitenga kumatako kwa beaver. Beaver ndi kanyama ka m'mitsinje ya ku North America ndi ku Ulaya, kooneka ngati nchenzi yonenepa ya mchira wophwatalala. Mphekeserayi ili ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake siifa. Kanyamaka kali ndi timatumba pafupi ndi mchira timene timatulutsa mafuta onunkhira otchedwa castoreum, ndipo n'zoona kuti akhala akugwiritsidwa ntchito m'mafuta onunkhiritsa, ndiponso pang'ono m'zakudya. Koma taganizani: kuti upeze castoreum uyenera kugwira beaver. Ndi wosowa, ndi wodula, ndipo amene amalowa m'zakudya pa chaka ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi matani zikwizikwi a vanillin wa m'fakitale. Wopanga mkaka wa soya amene akufuna phindu sangasiye vanillin wotchipa n'kumakasaka kanyama ka ku Canada. Ine ndimaona kuti nkhani ya beaver imangotayitsa anthu nthawi, chifukwa pamene akuyang'ana kumchira kwa kanyamako, zenizeni zofunika kuziona zikuwadutsa pansi pa mphuno.

Choyamba mwa zenizenizo ndi chimene chinandigwetsa ine. Zakumwa zina za soya, makamaka za ufa ndi zina zochokera ku Asia, amathiramo mkaka wa ng'ombe kuti zikome ndi kuyera bwino. Sakunama, chifukwa sanalembepo kuti ndi za ma vegan. Anangolemba "soya" ndi zilembo zikuluzikulu, ife n'kumalizitsa tokha m'mutu. Mkakawo umabwera ndi maina ambiri: "milk solids", "skimmed milk powder", "whey", "lactose", "casein", "sodium caseinate". Lomalizali ndi lochenjera kwambiri, chifukwa limapezeka ngakhale mu ufa wina woyeretsa tiyi wolembedwa kuti "non-dairy", pamene casein ndi puloteni ya mu mkaka wa ng'ombe. Mwamwayi mapaketi ambiri amakhala ndi mzere wochenjeza anthu amene zakudya zina zimawawenga. Mukaona "contains milk", nkhani yatha.

Koma "may contain milk" ndi zina. Apa akutanthauza kuti makina omwewo amapangiranso zinthu za mkaka, ndiye kadontho kangathe kutsalira. Sanathiremo dala. Ma vegan ambiri amamwa zotere popanda kudziimba mlandu. Amene ayenera kuopa mawu amenewa ndi munthu amene mkaka umamuwenga kwambiri, wotupa kapena kubanika akaulawa.

Chachiwiri ndi chobisika kwambiri, ndipo chimabwera ngati chabwino. Opanga mkaka wa soya amawonjezeramo mavitamini kuti ufanane ndi wa ng'ombe. Vitamini D alipo wa mitundu iwiri. D2 amachokera ku yisiti kapena bowa, ndiye alibe vuto. D3, amene pa paketi amalembedwanso kuti "cholecalciferol", nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku lanolin, mafuta a mu ubweya wa nkhosa amene amatsala potsuka ubweya ukametedwa. Nkhosayo siphedwa, ndiye vegetarian amamwa. Vegan amakana, chifukwa ndi chochokera ku nyama. Alipo D3 wina wochokera ku ndere zomera pa miyala ndi pa makungwa a mitengo, koma amene amamugwiritsa ntchito amachita kulengeza pa paketi chifukwa ndi chinthu chogulitsira malonda. Akangolemba kuti "vitamin D3" n'kusiyira pomwepo, kaganizireni nkhosa.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono. Uchi umapezeka mu zakumwa zina m'malo mwa shuga, ndipo umalembedwa poyera. Carrageenan, amene amalimbitsa mkaka kuti usakhale madzimadzi, dzina lake limaopsa koma ndi ndere za m'nyanja ya mchere, zonga zimene amayi a ku Zanzibar amalima. Gellan, wolimbitsanso mkaka, amapangidwa ndi mabakiteriya. E471, mankhwala othandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi, angachokere ku mafuta a mbewu kapena a nyama, ndipo paketi siinena nthawi zonse. Shuga nayenso amakambidwa: mafakitale ena, makamaka ku America, amayeretsa shuga wa nzimbe pomudutsitsa m'makala a mafupa a ng'ombe. Makalawo satsalira mu shugamo, koma ma vegan ena okhwimitsa amamupewabe. Ndipo ngati mwasiya wa vanila n'kutenga wa sitiroberi wofiirira uja, yang'anani E120, utoto wofiira wochokera ku tizilombo touma.

Njira yachidule ndi kufufuza chizindikiro. Duwa la mpendadzuwa lotuluka pa chilembo V ndi la bungwe la ma vegan, Vegan Society. Mawu akuti "suitable for vegans" amathetsa mafunso onsewa nthawi imodzi. Koma "suitable for vegetarians" asakupusitseni ngati mukugulira vegan, chifukwa mkaka wa ng'ombe, uchi ndi lanolin zonse zimadutsa pa chipata chimenecho.

Tsopano pali funso lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa lakuti "kodi n'zololedwa". Kodi mkakawu ukumupatsa munthuyo zimene wasiya posiya mkaka wa ng'ombe? Pa zomanga thupi, soya amaima bwino: mkaka wake uli ndi magalamu pafupifupi 3 a puloteni pa mamililita 100, kufupi kwambiri ndi wa ng'ombe, ndipo pamenepa umaposa kutali mkaka wa mpunga, wa oats kapena wa almond. Pa kashiamu wolimbitsa mafupa ndi pamene umagwa. Wa ng'ombe uli ndi mamiligalamu pafupifupi 120 pa mamililita 100, pamene wa soya wosawonjezera kanthu uli ndi wochepa kwambiri. Opanga ambiri amathiramo kashiamu kuti afike pa 120 pomwepo, koma kashiamuyo amakhazikika pansi pa paketi ngati ufa mu thobwa. Osakhutchumula, mumwa madzi apamwamba, chabwinocho n'kupita kudzala limodzi ndi paketi.

Vitamini B12 ndiye nkhani yosaseka nayo. Mu soya mulibe, mu nyemba mulibe, m'masamba mulibe. Mwachibadwa timamupeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Vegetarian womwa chambiko ndi kudya mazira amamupezako. Vegan alibe kolowera kupatula zakudya zowonjezeredwa B12 kapena mapiritsi. Kuipa kwake, chiwindi chimasunga vitaminiyu kwa zaka, ndiye munthu amatha kukhala nthawi yaitali akudzimva bwino, kenako kuyamba kufooka, kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndipo mitsempha ikaonongeka kwambiri siibwerera mwakale. B12 wothira m'zakudya amapangidwa ndi mabakiteriya, choncho vegan angamwe mosaopa. Apa ndi pamene pali chodabwitsa: paketi ya mndandanda wautali wa zothiramo, imene imaoneka yokayikitsa, kawirikawiri ndi imene ili ndi B12 ndi kashiamu, pamene ija yolembedwa "organic", ya soya ndi madzi basi, nthawi zambiri ilibe.

Shuga musamuiwale. Mkaka wa soya wa vanila nthawi zambiri umakhala wotsekemera kale. Onani pa paketi pamene alemba "sugars". Tiyerekeze alemba magalamu 7 pa mamililita 100: kapu ya mamililita 250 ikhala ndi magalamu 17 ndi theka, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono oposa anayi. Ndiye Mmalawi, mwa chizolowezi, athiramonso ake atatu. Kwa wodwala matenda a shuga, wosatsekemera ndiye woyenera. Wa vanila sugwiranso ntchito pophika ndiwo. Ndinayesapo kuthira mu supu ya bowa, anthu anangoyang'anana pa tebulo.

Chenjezo limodzi lokha ndilinene mosazungulira: mkaka wa soya wa m'sitolo kapena wopanga pakhomo si chakudya cha khanda. Sulowa m'malo mwa bere, limene a zaumoyo amati mwana ayamwe lokhalo miyezi 6 yoyambirira, ndipo si chimodzimodzi ndi mkaka wa ana wa m'chitini wopangidwa ndi soya, umene umakonzedwa mwapadera. Palinso anthu amene soya yemweyo amawawenga. Koma zoti soya amafoola abambo, zimene zimakambidwa pa bawo, kafukufuku wochitidwa pa anthu sanapeze kuti kudya soya kumatsitsa mahomoni achimuna.

Mapaketi a madzi ochokera kunja ndi odula, ndipo sapezeka nthawi zonse m'masitolo a mu Mzuzu. Mlendo wanga uja atatopa n'kusakasaka anangoti, "Amalume, mundigulire soya ku msika, ndipanga ndekha." Ndinamuonerera. Madzulo anasankha kapu imodzi ya soya, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, n'kuviika usiku wonse. M'mawa nyembazo zinali zitafufuma kuposa kawiri. Anazifikisa m'manja m'beseni la madzi, makoko n'kumayandama, iye n'kumawatsanulira kunja. Magetsi analipo tsiku limenelo, ndiye anapera m'makina ndi madzi otentha, makapu 7 kapena 8 onse pamodzi. Akazima, mtondo umagwira ntchito yomweyo, kungoti mkono umadziwa. Anasefa pa kansalu koyera, kufinya mpaka madzi onse atatha, n'kuika mphika pa moto.

Apa ndi pofunika maso. Mkaka wa soya umachita thovu ndipo umasefukira mwadzidzidzi, kuposa wa ng'ombe. Anaima pomwepo ndi mthiko, kuchepetsa moto, kuulola kuti ubwate pang'onopang'ono mphindi 20. Kuwiritsaku si kwa fungo lokha. Soya wosapsa ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya puloteni ndipo zimapweteketsa m'mimba, koma moto umaziononga. Atauphula anathira kamchere, shuga supuni imodzi, ndi timadontho ta vanila wa m'kabotolo uja amayi amathira m'makeke. Anawerenganso kabotoloko asanathire, osati chifukwa cha nyama, koma kuti andionetse kuti ena mwa mabotolo amenewa amakhala ndi mowa wosungunulira fungolo. Kwa vegan si kanthu, koma Msilamu kapena wa Adventist angafune kudziwa.

Unakoma, ngakhale kafungo ka soya kanali kakumvekabe chapatali. Mu tiyi unakhala bwino. Mu khofi wathu wa Mzuzu unadukaduka ngati chambiko, chifukwa khofi ali ndi asidi ndipo anali wotentha kwambiri. Tinaphunzira kuyamba kuthira mkaka wofunda m'kapu, khofi n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono. Wotsala tinausunga mufiriji, ndipo sudutsa masiku atatu kapena anayi usanasase. Masese otsala pa kansalu aja, amene ku Japan amawatcha okara, mayi a kunyumba anawasakaniza ndi ufa wa mgaiwa ndi nthochi n'kuphika chigumu.

Mkaka wa pakhomowu ndi umene vegan angamwe mtima uli m'malo, chifukwa chilichonse cholowamo wachiona ndi maso ake. Koma ndi womwewonso umene ulibe B12 ngakhale pang'ono, ndipo kashiamu wake ndi wochepa. Nditamufunsa za zimenezi, mtsikanayo anapita kuchipinda n'kubwera ndi kabotolo ka mapiritsi a B12 kamene anagula ku famase. Za kashiamu anati amadalira masamba monga chigwada, mpiru ndi bonongwe, komanso chitowe akachipeza. Ine ndinamuuza kuti agogo ake akanangomupatsa usipa wa ku Nkhata Bay wodya ndi minga yomwe. Anaseka, n'kundipempha kuti Loweruka ndikamugulirenso soya makilogalamu awiri, woti apite naye ku Luwinga.